Kodi Mtundu N'kuchita Kupitira Kusukulu?

Mtsikana wina wa m'boma la Ntcheu atalandira uthenga woti wasankhidwa kukachita maphunziro a ukachenjede ku Zomba, adapita kukatsazika agogo ake aamuna monga mwa mwambo. Agogowo adamuyamikira, adamulangiza za khalidwe, kenaka adafunsa chimene mdzukulu wawoyo ankapita kukaphunzira. Iye adayankha kuti mwa zina akaphunzira za mitundu ya anthu: kumene idachokera, miyambo yake ndi mmene imakhalirana. Agogowo adatsina fodya wawo, nakhala chete kanthawi.

"Mdzukulu wanga, kodi mtundu n'kuchita kupitira kusukulu? Ine ndine Mngoni, iwenso ndiwe Mngoni. Chatsala n'chiyani choti aphunzitsiwo akakuuze? Koma usamale. Nkhani za mitundu zili ngati moto wofuka m'chitsa. Ukauvundula umatentha tchire."

Mawu amenewa sayenera kupeputsidwa chifukwa choti adatuluka pakamwa pa munthu amene sadapite patali ndi sukulu. Muli mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti phunziro lotere n'lopanda ntchito, pakuti aliyense amaudziwa kale mtundu wake. Yachiwiri ndi yakuti n'loopsa, pakuti limakumbutsa anthu kusiyana kwawo pamene dziko likufuna umodzi.

Mfundo yoyambayo imagwa msanga munthu akangoliyang'anitsitsa liwu lenilenilo loti mtundu. M'Chichewa liwu limeneli limasenza katundu wambiri. Mlimi amanena za mtundu wa chimanga. Mayi wogula nsalu amafunsa mtundu wake, kutanthauza kufiira kapena kubiriwira. Mtsogoleri amalankhula kwa mtundu wa Amalawi. Mlomwe ndi Msena ndi mitundu, mzungu ndi Mmwenye ndi mitundunso. Liwu limodzi likasenza zinthu zisanu, maganizo nawo amazisakaniza, mpaka munthu amafika pokhulupirira kuti Ulomwe ndi Usena n'zosiyana monga mapira asiyanira ndi mawere: zobadwa nazo, zosasinthika, zolembedwa m'magazi. Ntchito yoyamba ya wophunzira ndi kumasula mtolo umenewu ndi kuona payekhapayekha khungu, chinenero, mwambo ndi dziko. Akatero amazindikira kuti chimene ankati akuchidziwa lidali dzina chabe.

Mfundo yachiwiri ndiyo yolemera, ndipo wophunzira woona mtima sayenera kuithawa. N'zoona kuti maphunziro a mitundu adaphetsapo anthu. Chidani cha mitundu sichidabadwire pamowa pokha. Mbali yake ina idabadwira m'mabuku, ndipo idaleredwa ndi anthu ovala mikanjo ya ukachenjede.

Ku Philadelphia, m'dziko la America, kudali dotolo wina dzina lake Samuel Morton amene adasonkhanitsa zibade za anthu akufa mazanamazana kuchokera kumaiko osiyanasiyana. Ankathira njere m'zibadezo, pambuyo pake timipira ta mtovu, kuti ayeze kukula kwa malo a ubongo. M'buku lake la mu 1839 adandandalika mitundu ya anthu ngati makwerero, azungu pamwamba, anthu akuda pansi penipeni. Apo n'kuti ukapolo uli m'chimake m'dzikomo, ndipo oikira kumbuyo ukapolo adalandira manambala a Morton ndi manja awiri, popeza nkhanza zawo zidapeza mboni yophunzira.

Koma palibe kumene nkhaniyi imaoneka poyera kuposa ku Rwanda. Ahutu ndi Atutsi amalankhula chinenero chimodzi. Kuyambira kale adakhala pa mapiri amodzimodzi, ankakwatirana, ndipo maina a mafuko awo ambiri ndi amodzi. Kusiyana kudalipo azungu asanafike, ndiponso kudali ndi zowawa zake: Atutsi ambiri adali oweta ng'ombe ndi oyandikana ndi bwalo la mfumu, pamene Ahutu ambiri adali alimi okakamizidwa kugwirira ntchito mafumu. Komabe mpandawo udali ndi zipata. Banja lopeza ng'ombe zambiri linkatha, m'kupita kwa mibadwo, kuyamba kuwerengedwa pamodzi ndi Atutsi, ndipo banja losauka linkatha kutsika. Mu 1863 John Hanning Speke, Mngerezi amene ankafunafuna gwero la mtsinje wa Nile, adafalitsa ganizo loti olamulira maufumu a m'chigawo chimenecho sadali eni nthaka koma zidzukulu za alendo ochokera cha ku Ethiopia. Umboni weniweni adalibe. Chimene chidalipo ndi chikhulupiriro cha azungu a masiku amenewo choti munthu wakuda payekha sangamange ufumu wadongosolo. Ganizoli lidalowa m'mabuku, lidaphunzitsidwa m'sukulu za mishoni, ndipo akatswiri adayendayenda ndi zipangizo zawo kuyeza mphuno ndi misinkhu ya anthu. M'zaka za m'ma 1930 boma la Belgium lidagawa zitupa zosonyeza kuti mwini wake ndi Mhutu, Mtutsi kapena Mtwa. Kuyambira pamenepo zipata zija zidatsekeka, ndipo mwana ankangolowa m'dzina la atate ake mpaka imfa.

Bodza likalembedwa m'buku limakhalitsa kuposa wolemba wake. Mu 1992 Léon Mugesera, munthu wophunzira kwambiri, adauza msonkhano wandale kuti Atutsi kwawo ndi ku Ethiopia ndipo adzabwezedwa kumeneko kudzera mumtsinje wa Nyabarongo. Mu 1994, m'masiku pafupifupi 100, anthu oposa 500,000 adaphedwa, ambiri mwa iwo Atutsi. Pamalo pamene adatchinga misewu, akuphawo ankayamba afunsa chitupa, ndipo mitembo yambiri idayandamadi mumtsinje womwewo.

Ku South Africa nako, tsankho la apartheid silidamangidwe ndi mbuli. Werner Eiselen, mwana wa mmishonale, munthu wodziwa zinenero za anthu akuda, adali pulofesa wa za mitundu pa yunivesite ya Stellenbosch asanakhale mlembi wamkulu mu unduna woona za anthu akuda. Komiti imene iye adatsogolera ndiyo idalambula njira ya lamulo la mu 1953 la maphunziro apadera a anthu akuda. Choopsa m'maganizo ake n'chakuti sankalankhula ngati mdani wa munthu wakuda. Ankalankhula ngati mtetezi wa chikhalidwe chake: Mzulu akhale Mzulu, Msuthu akhale Msuthu, aliyense akulire m'khola lake. Ulemu woterewu udathera m'sukulu zosauka ndi m'timaiko touma momwe anthu mamiliyoni adasamutsidwira mokakamizidwa.

Tsono agogo aja sadaname. Funso limene latsala ndi lakuti bodza lophunzira limachotsedwa ndi chiyani. Munga ukalasa phazi, kumudzi amauzula ndi munga unzake, ndipo mbiri ikusonyeza kuti zidateronso pano. Mu 1885 Anténor Firmin, munthu wakuda wa ku Haiti amene adaloledwa kulowa m'bungwe la akatswiri a za anthu ku Paris, adalemba buku lalikulu losonyeza kuti mitundu yonse ya anthu ndi yolingana, ndipo adatsutsa oyeza zibade pogwiritsa ntchito manambala awo omwe. Akatswiri anzakewo sadalisamale bukulo, moti lidatha zaka zoposa 100 lisanamasuliridwe m'Chingerezi. Franz Boas wa pa yunivesite ya Columbia adayeza anthu oposa 17,000, makolo osamukira ku New York pamodzi ndi ana awo, ndipo adapeza kuti mitu ya ana obadwira ku America idasiyana pang'ono m'kaumbidwe ndi ya makolo awo. Chibade chimene ankati ndi chidindo chosasinthika cha mtundu chidapezeka kuti chimamvera chakudya ndi malo okulira. Mu 1972 Richard Lewontin adafufuza tizinthu ta m'magazi timene mwana amatengera kwa makolo, napeza kuti pafupifupi magawo 85 mwa 100 a kusiyana konse kwa pakati pa anthu amapezeka m'kati mwa gulu limodzi lomwelo. Kafukufuku wa pambuyo pake adaonjeza kuti kusiyana kochuluka kotereku kuli mu Africa mwenimweni, chifukwa ndimo mudachokera anthu onse. Choncho dzina loti munthu wakuda, limene limamveka ngati la mtundu umodzi, limaphimba anthu osiyana m'magazi kuposa mmene Mngerezi asiyanira ndi Mgiriki.

Palibe mmodzi mwa anthu atatuwa amene adagonjetsa bodza pokhala chete kapena pongolalikira chikondi. Adalitsatira kumene lidabisala, m'miyeso ndi m'manambala, nalivula komweko.

Za khungu zimatha motero. Za mitundu ya anthu a khungu limodzi, zomwe ndizo zinkadetsa nkhawa agogo a ku Ntcheu aja, zimaoneka bwino m'gule wina wa ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zambia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, J. Clyde Mitchell wa ku Rhodes-Livingstone Institute ankapita Lamulungu masana kukaonerera gule wa kalela m'tauni ya Luanshya, ndipo zimene adapeza adazisindikiza mu 1956. Ovinawo adali anyamata a mtundu wa Abisa, ambiri mwa iwo ogwira ntchito wamba. Nyimbo zawo zinkatamanda Abisa ndi kuseka mitundu ina. Munthu wongomva chabe akadati awa ndi anthu a kumudzi amene abwera ndi mwambo wawo m'tauni. Koma wopenya ankaona zina. Anyamatawo sankavala zikopa kapena nthenga. Ankavala mathalauza ositasita ndi nsapato zopolisha. Ng'oma zawo zidali za migolo ya mafuta. Pagulupo padali wina wovala ngati dotolo, ndi mtsikana wovala ngati namwino amene ankayenda ndi kalilole ndi kansalu kuti wovina aliyense adzione ngati akadali waudongo. Nyimbozo zinkaimbidwa m'Chibemba cha m'tauni, kuti mitundu yosekedwayo imve bwino. Guleyu adali mbale wake wa beni, mganda ndi malipenga, magule amene makolo a kumudzi sadawadziwe azungu asanabwere.

Mitchell adaona kuti mtundu wa m'tauni ndi chinthu china, chosiyana ndi mtundu wa kumudzi. Pakati pa alendo zikwizikwi, munthu amafuna njira yodziwira woti angamukhulupirire, woti angamubwereke ndalama ndi woti adzamuike m'manda, ndipo dzina la mtundu limagwira ntchito imeneyo. Maina ang'onoang'ono ankasungunuka n'kulowa m'maina akuluakulu. Amuna ochokera ku Nyasaland adaziona okha zimenezi: Mtonga, Mchewa, Myao ndi Mtumbuka, amene kwawo ankadziyesa osiyana, atafika ku migodi onse adasanduka Anyasa. Chodabwitsa china chidali chakuti mitundu imene kale inkamenyana nkhondo, monga Angoni ndi Abemba, ndiyo idasanduka ya pachisuweni chanthabwala, chomwe ku Zambia amati chimbuya. Ankanyozana poyera popanda wokwiya, ndipo maliro akagwa ankagwirirana ntchito imene kumudzi amagwira adzukulu. Koma ikafika nkhani ya malipiro, anthu omwewo ankauika pambali mtundu. Mu 1953 ogwira ntchito m'migodi adavota kuti athetse udindo wa akuluakulu oimira mitundu, umene eni migodi adaukhazikitsa, popeza ankafuna kulankhula kudzera m'bungwe lawo limodzi la apantchito. Munthu mmodzi yemweyo adali Mbisa Lamulungu pagule, koma Lolemba adali wamumgodi.

Wophunzira wa ku Malawi akabwera nalo diso limeneli kwawo, amayamba kuona zimene zidali pamphuno pake nthawi yonse. Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi mu 1835, tsiku limene dzuwa lidachita kadamsana. Paulendo wawo wonse wochokera kummwera ankatenga anthu a mitundu imene ankaigonjetsa, Akaranga, Ansenga, Achewa, Atumbuka ndi ena, n'kuwalowetsa m'midzi ndi m'magulu awo ankhondo. Angoni a Maseko, amene adadzera njira ina nakhazikika ku Dedza ndi ku Ntcheu, ankachita chimodzimodzi. Ana a ogwidwawo adakula ali Angoni, ndipo chinenero cha amayi awo chidapambana cha atate awo. N'chifukwa chake Mngoni wa ku Mzimba amalankhula Chitumbuka, wa ku Ntcheu Chichewa. Alomwe nawo adalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pothawa misonkho, ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ndi njala. Sadabwere ndi dzina limodzi. Adali Amihavani, Amanyawa, Atakhwani, Akokhola ndi ena. Chimene chidawamanga pamodzi ndi thangata la m'minda ya azungu ndi dzina lachipongwe loti Anguru limene onse ankatchulidwa nalo. M'zaka za m'ma 1940 Lewis Bandawe ndi anzake adakhazikitsa bungwe lomenyera kuti dzina lachipongwelo lichoke m'makalata a boma, m'malo mwake mulowe loti Alomwe, ndipo zidatheka.

Apa pali poterera. Wophunzira wachibwana akamva kuti mitundu idaumbidwa ndi mbiri, amathamangira kunena kuti mtundu ndi bodza, ndipo amabwerera kumudzi kukaseka ngoma ndi tchopa. Kutero n'kusamvetsa. Nyumba ndi yomangidwa ndi anthu, koma mvula ikagwa imatchinga ndithu. Ulomwe umene Bandawe adaumenyera udabwezera ulemu kwa anthu amene ankanyozedwa, ndipo Ungoni wa agogo aja ndiwo udawapatsa nyimbo zolirira abale awo. Chimene phunziroli limachotsa si mtundu ayi, koma chikhulupiriro choti mpanda wa mtundu udagwa kumwamba. Chomangidwa ndi anthu, anthu angathe kuchikulitsa, kuchibowola zipata kapena kuchisandutsa ndende, ndipo pa chilichonse mwa zimenezi pali woyenera kuyankha mlandu.

Otsutsa angathe kunenabe kuti zonsezi zikanakhala bwino zikadatsekeredwa m'mabuku, anthu wamba n'kumangouzidwa kuti onse ndi amodzi. Malawi adaiyesapo njira imeneyi. M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, umodzi udali umodzi mwa ngodya zinayi za dziko, ndipo kudandaula poyera za tsankho kudali kudziitanira mavuto. Koma m'zaka zomwezo, mu 1968, Chichewa chitakwezedwa kukhala chinenero cha dziko lonse, Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi. Mu 1989 aphunzitsi adalamulidwa kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ndipo ambiri a kumpoto adapakira katundu kusiya sukulu zimene adatumikira zaka zambiri. Anthu sadalankhule, koma sadaiwale. Pachisankho cha mu 1994, Chakufwa Chihana adapeza mavoti ochuluka kumpoto, Dr. Kamuzu Banda pakati, Bakili Muluzi kummwera, ngati kuti mapu a zigawo ndiwo adavota. Chilonda chidaphimbidwa zaka makumi atatu, ndipo pochivundukula chidapezeka chikadali chachiwisi. Komanso wofufuza wosamala sangaime pomwepo n'kunena kuti Amalawi amavota ndi magazi, pakuti mu 2009 Bingu wa Mutharika, munthu wa ku Thyolo, adapeza pafupifupi magawo 66 mwa 100 a mavoti onse, ndipo kumpoto kudamuvotera kwambiri. Chimene chimasintha pa zaka 15 sichingakhale cha m'magazi. Chili ndi zifukwa zake, za feteleza, za misewu, za malo a kusukulu ndi za maudindo, ndipo zifukwa zimafufuzika.

Msampha wina umadikira wophunzira kumbali inayo, ndipo ndi wokoma kugwamo. Atamva mmene alendo adanyozera miyambo ya makolo ake, amafuna kubwezera mwa kutamanda chilichonse cha kwawo. Mtima umenewu uli ndi zipatso zake zabwino. Yohanna Abdallah adalemba mbiri ya Ayao mu 1919, ndipo Samuel Ntara adalemba ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, napulumutsa zambiri zimene zikadapita kumanda ndi nkhalamba. Jomo Kenyatta, ataphunzira pansi pa Bronisław Malinowski ku London, adatulutsa buku lofotokoza moyo wa Akikuyu mu 1938, losonyeza kuti anthu ake adali ndi malamulo a nthaka, maphunziro ndi chipembedzo azungu asanawalande minda. Koma m'buku lomwelo adaikira kumbuyo mdulidwe wa atsikana ponena kuti ndi mzati wa chikhalidwe chawo. Wolembayo adali mwamuna, ndipo mpeniwo sudali kudzafika pathupi pake.

Kumvetsa mwambo kumayenera kutsogola, chifukwa woweruza asanamvetse amangobwereza kulakwa kwa Speke. Koma kumvetsa sikuthetsa kuweruza. Wophunzira akafika pa kulowa kufa, pa kusasa fumbi kapena pa kukwatiwitsa ana, sakwaniritsa ntchito yake pongolemba kuti umu ndi mmene amachitira anthu a kuno. Ayenera kufunsanso kuti katundu wa mwambowo amasenza ndani, ndipo wosenzayo adafunsidwapo liti. Akafunsa motero amapeza kuti m'mudzi mulibe liwu limodzi. Chimene chimatchedwa chikhalidwe cha mtundu nthawi zambiri chimakhala liwu la akuluakulu aamuna, pamene amayi amasiye ndi atsikana ali ndi mawu awo amene sadalembedwe. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza idathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo kusukulu, ndipo idaimitsa paudindo mafumu ena amene ankalekerera mchitidwewo. Sidachite zimenezi ngati mlendo wodana ndi Ungoni. Idachita ili pampando wa makolo, ndi mphamvu ya mwambo womwewo. Pamene Nyumba ya Malamulo inkasintha malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, mafumu otere adali atayamba kale ntchitoyo m'midzi.

Chimene chimalekanitsa phunziro lopha ndi phunziro lochiza chimaonekera pamenepa. Zibade za Morton sizikadatha kumuyankha. Ahutu ndi Atutsi oyezedwa mphuno sadafunsidwe ngati zolembedwazo zidali zoona. Zinthu zidayamba kusintha pamene ofufuzidwawo adalowa okha m'kalasi ndi kuyamba kutsutsa, ndipo khomo limenelo silidatsegulidwe mwaulere. Mu 1968 yunivesite ya Cape Town idalemba ntchito Archie Mafeje kuti akaphunzitse za chikhalidwe cha anthu, koma idabweza mawu ake boma litaikakamiza, pachifukwa chokha choti iye adali wakuda. Ophunzira mazanamazana adakhala pansi m'nyumba ya maofesi a yunivesiteyo masiku 9 posonyeza kukwiya, koma sizidathandize. Chaka chomwecho ophunzira a pa San Francisco State College ku America adayamba kunyanyala maphunziro, ndipo atalimbikira miyezi pafupifupi isanu adapatsidwa sukulu yapadera yophunzitsa mbiri ndi moyo wa mitundu yawo. Mafeje adakaphunzitsa kumaiko ena, ndipo mu 1971 adalemba nkhani yodzudzula akatswiri achizungu, kuphatikizapo a gulu la Mitchell, kuti ankaona mitundu paliponse pamene akadayenera kuona olemera ndi osauka, olamula ndi olamulidwa. Yunivesite ija idadzapepesa kubanja lake mu 2008, mwini wake atamwalira kale. Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa, ndipo Mitchell adaona zimene eni gule sankaziona. Koma mwini mutu ndiye amadziwa pamene kalumoko kamutema.

Mtsikana wa ku Ntcheu uja adabwera kutchuthi chaka chachiwiri ali ndi ntchito imene mphunzitsi wake adapereka, yoti aliyense alembe mzere wa makolo ake. Madzulo ena adakhala pakhonde pafupi ndi agogo ake, kope lili pamiyendo.

"Agogo, mundiuze maina a makolo athu, kuyambira kwa inu kubwerera m'mbuyo."

Agogowo adasangalala. Adatchula atate awo, atate a atate awo, ndi ena a m'mbuyo mwake, aliyense ndi chiwongo chake, ndi nkhondo imene adamenya, ndi mudzi umene adamanga. Mtsikanayo adalemba zonse.

"Zikomo, agogo. Nanga amayi awo a anthu amenewa adali ayani?"

Padapita nthawi yaitali osayankha. Nkhuku zidalowa m'khola, ndipo mayi wina adadutsa ndi mtsuko pamutu napereka moni, koma agogowo adangogwedeza mutu. Pomaliza adalankhula motsitsa mawu. Adati amayi a agogo awo aamuna sadali Mngoni. Adali mwana wa Achewa, wa mfunda wa Banda, amene adagwidwa ali kamtsikana pamene ankhondo adatentha mudzi wa kwawo cha kumapiri a Dedza. Adakulira pamudzi pomwepo, adabereka ana asanu ndi mmodzi, ndipo sadabwererenso kwawo. Akuluakulu ankanena kuti mpaka ukalamba wawo, ng'oma za gule wamkulu zikamveka usiku kutsidya la mtsinje, ankatuluka m'nyumba n'kukhala pankhokwe okhaokha mpaka ng'omazo zitaleka.

"Koma zimenezi usalembe, mdzukulu wanga. Si za pagulu."

Mtsikanayo adatseka kope lake. Agogowo adatsinanso fodya, nayang'ana kumapiri kumene dzuwa linkalowera.

"Kapena lemba," adatero. "Nditapita ine, watsala ndani wodziwa dzina lawo? Tsegula bukulo, ndikuuze mmene ankalitchulira."